Kodi Mumadziwa? Za Kulira, Kugwa ndi Kukana Phala

Kodi mumadziwa kuti khanda limalira kwambiri likafika masabata 6? Si kwanu kokha ayi. Kulira kumayamba kuchuluka cha m'sabata yachiwiri, kumafika pachimake cha pa masabata 6, ndipo pofika miyezi 3 kapena 4 m'nyumba mumayamba kukhalako bata. Nthawi imene makanda amakonda ndi madzulo, pomwe mayi ali pamoto ndipo aliyense watopa. Mu 1954 dokotala wa ana wa ku America, Morris Wessel, anaika muyezo wa kulira kopitirira: mwana wathanzi, woyamwa bwino, koma wolira maola oposa 3 patsiku, masiku oposa 3 pasabata, kwa masabata oposa 3. Ana otere ndi ambiri, ndipo amakula bwinobwino. Choopsa chili m'manja mwa wamkulu amene wapsa mtima n'kumugwedeza mwanayo mwamphamvu. Mutu wa khanda ndi wolemera, khosi lake ndi lofooka, ndipo mitsempha ya magazi ya mu ubongo imatha kuduka. Mukamva kuti mtima wayamba kuwira, mgonekeni pamalo abwino, tulukani panja mupumeko, kapena mpatsireni mnzanu.

M'masabata oyambirira khanda limalira popanda misozi. Si chinyengo. Tiziwalo totulutsa misozi timakhala tisanayambe kupanga yokwanira kuyenderera m'masaya.

Kodi mumadziwa kuti mbereko inayesedwa ndi akatswiri ndipo inapambana? Mu 1986 madokotala awiri a ku Montreal ku Canada, Urs Hunziker ndi Ronald Barr, anapempha amayi ena kuti azinyamula ana awo nthawi yaitali patsiku ngakhale asakulira. Pofika masabata 6, kulira kwa ana amenewa kunali kotsika ndi 43 peresenti poyerekeza ndi anzawo, ndipo madzulo kusiyanaku kunali kokulirapo. Ku Japan, gulu la Kumi Kuroda linapeza mu 2013 kuti mayi akanyamula khanda n'kumayenda nalo, mtima wa khandalo umayamba kugunda pang'onopang'ono m'masekondi ochepa, ndipo limasiya kuphiriphitha. Kumunyamula muli khale sikuthandiza chimodzimodzi: muyenera kuyenda. Mu 2022 gulu lomwelo linatulutsa njira yake: yendani naye mphindi 5 osaima, kenako khalani pansi muli chimunyamulire kwa mphindi 5 mpaka 8, ndiye mumugoneke. Ambirife timalakwitsa apa, chifukwa akangotseka maso timathamangira kukamutula pamphasa tulo tisanamugwire, iye n'kuyambiranso. Mayi amene amasinja kapena kupalira mwana ali kumbuyo sanadikire kuti a ku Japan amuuze, koma nkhani ya mphindi zodikirazi ndi yofunika kuisunga.

Kodi mumadziwa kuti khanda limalira motsatira kamvekedwe ka chilankhulo cha mayi ake? Mu 2009 akatswiri a ku Germany ndi ku France anajambula mawu a makanda 60 a masiku 2 mpaka 5. A ku France ankalira mawu akukwera kumapeto, a ku Germany akutsika, monga momwe zilankhulo ziwirizi zimamvekera. Mwana amayamba kumva adakali m'mimba, m'miyezi itatu yomaliza. Kumvetsera kumeneku kumapitirira: Janet Werker wa ku Canada anaonetsa mu 1984 kuti mwana wa miyezi 6 mpaka 8 amasiyanitsa mawu a zilankhulo zimene sanazimvepo, koma akamakwanitsa chaka khutu lake limakhala litazolowera za pakhomo pokha. Choncho inu a ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Leeds amene munasiya kulankhula Chichewa ndi mwana poopa kumusokoneza, mantha amenewo alibe maziko. Mwana wokula ndi zilankhulo ziwiri amayamba kulankhula pa msinkhu wofanana ndi anzake. Kusakaniza mawu kumene amachita ndi kwa kanthawi, ndiponso akulu omwe timasakaniza.

Maso a khanda amaona bwino chinthu chimene chili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30. Umenewu ndi mtunda wochoka pabere kufika pankhope ya mayi.

Kodi mumadziwa kuti tsiku loyamba mimba ya khanda imadzadza ndi supuni ya tiyi imodzi kapena kuposerapo pang'ono? N'chifukwa chake mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wochepa, umakwanira. Ena amaufinyira pansi akuti ndi woipa, chikhalirecho ndi umene uli ndi chitetezo chochuluka kuposa mkaka wina uliwonse umene mwanayo adzayamwe. Za madzi akumwa nazo: mkaka wa m'mawere pafupifupi magawo 87 mwa 100 ndi madzi. Ngakhale mu Okutobala ku Nsanje, mwana wosakwana miyezi 6 safuna madzi ena. Akamva ludzu ayamwe pafupipafupi. Bungwe la WHO linakhazikitsa uphungu woyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 mu 2001. Musadabwenso sikelo ikatsika m'masiku oyamba. Khanda limataya mpaka gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, ndipo limabwezeretsa pofika masiku 10 mpaka 14.

Kodi mumadziwa kuti njira ya kangaroo inabadwa chifukwa cha kusowa? Mu 1978 pa chipatala cha Instituto Materno Infantil ku Bogotá, m'dziko la Colombia, makina ofunditsira ana obadwa masiku asanakwane anali ochepa moti ana angapo ankagonekedwa m'makina amodzi, n'kumapatsirana matenda. Dokotala Edgar Rey anaganiza zoika khanda pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudzana ndi khungu, n'kulimanga ndi nsalu. Ku Malawi njirayi inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo inafika pamalo poyenera, pakuti lipoti la padziko lonse la 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa 100 alionse. Chifuwa cha bambo, cha agogo kapena cha azakhali chimafunditsanso chimodzimodzi.

Kodi mumadziwa kuti liwombo lolowa m'kati ndi chizindikiro cha kutha kwa madzi m'thupi? Apa tiimepo pang'ono. Mwana amabadwa ndi mafupa oposa 270, pamene munthu wamkulu ali ndi 206, chifukwa ambiri amalumikizana akamakula. Mafupa a m'mutu amakhala osalumikizana kuti mutu uthe kudutsa pobadwa, komanso kuti ubongo upeze malo okulira. Mipata ikuluikulu ilipo iwiri: wa kumbuyo umatsekeka pofika miyezi 2 kapena 3, wa pamwamba nthawi zambiri pakati pa miyezi 12 ndi 18. Kugunda kumene mumaona paliwombo ndi kugunda kwa mtima basi, ndipo kulisambitsa kapena kulikhudza sikuvulaza mwana. Koma likalowa m'kati, makamaka mwana akutsegula m'mimba kapena kusanza, vuto silili pamutupo. Zopakapaka paliwombo sizibwezera madzi amene atuluka. Chofunika ndi Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, mapiritsi a zinc kwa masiku 10 mpaka 14, kupitiriza kuyamwitsa, ndi kuthamangira kuchipatala. Liwombo lotupa mwana ali phee, thupi likutentha, ndi ngozi inanso yosafunika kugona nayo.

Madzi a mchere ndi shuga amenewa ali ndi mbiri. Mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, kolera inabuka m'misasa ya othawa kwawo ku India, ndipo madiripu anatha. Dokotala Dilip Mahalanabis anayamba kusungunula mchere ndi shuga m'migolo n'kuuza achibale kuti azimwetsa odwala awo. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 kufika pa osakwana 4.

Kodi mumadziwa kuti mano timawanamizira? Mano oyamba amatuluka cha pa miyezi 6, ndipo onse 20 amakhala atakwana mwana akamafika zaka 3. Akamamera, nkhama zimayabwa, dovu limachuluka, mwana amavuta ndipo amaluma chilichonse. Zimathera pomwepo. Kumera mano sikuyambitsa kutsegula m'mimba kapena kutentha thupi kwambiri. Chimene chimachitika n'chakuti pa msinkhu womwewo chitetezo chimene anatengera kwa mayi ake chimakhala chikutha, wayamba kudya phala, wayamba kukwawa, ndipo chilichonse chimene watola, kaya chitsononkho kaya nsapato ya bambo ake, chimapita kukamwa. Matenda ndi mano zimangofikira limodzi. Mawu akuti "ndi mano amenewo, asiya yekha" achedwetsa ana ambiri kufika kuchipatala, ndipo kwathu kuno kumene kuli malungo, mwana wotentha thupi ayenera kuyezedwa magazi tsiku lomwelo, kaya mano akumera kaya ayi.

Pa nkhani ya malungo yomweyi: Malawi ndi dziko loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo, pa 23 Epulo 2019. Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho. Katemerayu amachepetsa ngozi, koma salowa m'malo mwa neti.

Kodi mumadziwa kuti mwana wamng'ono amadwala chimfine ka 6 mpaka ka 8 pachaka, ndipo zimenezi si zachilendo? Chimfine sichimva mankhwala a antibayotiki, ndiye makapisozi ogula pagolosale ndi kungotaya ndalama. Chofunika kuchidziwa ndi kusiyanitsa chimfine ndi chibayo, ndipo chida chake ndi wotchi ya pafoni. Mwana ali phee, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Wosakwana miyezi 2 akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, kumeneko ndi kupuma mothamanga. Mukaonanso m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, nyamukani usiku womwewo. Ndipo mwana akakomoka chifukwa cha kutentha thupi, thupi n'kumagwedezeka, musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Lilime silimezeka. Mgonekeni cham'mbali, kenako kuchipatala.

Kodi mumadziwa kuti mwana wophunzira kuyenda amagwa ka 17 pa ola limodzi? Karen Adolph wa ku New York University anajambula ana a miyezi 12 mpaka 19 akusewera, n'kuwerenga phazi lililonse. Zotsatira zake za 2012 zinaonetsa kuti pa ola limodzi mwana amaponda mapazi 2,368, mtunda wa mamita pafupifupi 700, n'kugwa ka 17. Nthawi zambiri amadzuka osalira n'komwe, mpaka ataona nkhope ya mayi ake yachita mantha. Za tsiku loyambira kuyenda, musapikisane ndi a nyumba yoyandikana nayo. WHO itatsatira ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America inapeza kuti ana athanzi amayamba kuyenda okha nthawi ina iliyonse kuchokera miyezi 8 kufika pafupifupi 18, ndipo ana 4 mwa 100 sakwawa n'komwe, ena amangodzikhwekhwereza ndi matako kenako n'kuimirira. Akapitirira miyezi 18 asanayende, kamuonetseni kusikelo. Kanjinga kamatayala koikamo mwana kuti aphunzire kuyenda kaja sikafulumizitsa kanthu, kamangomufikitsa msanga pambaula ndi pamasitepe. Canada inaletsa kugulitsa zimenezi mu 2004.

Cha pa miyezi 8, mwana amene ankasekerera aliyense amayamba kukuwa akanyamulidwa ndi mlendo, ngakhale mlendoyo akhale agogo ake amene abwera kuchokera kumudzi ndi thumba la mbatata. Agogo asakhumudwe, ndipo mpongozi asaimbidwe mlandu. Mwanayo wangofika podziwa kusiyanitsa nkhope zozolowereka ndi zachilendo. Pa msinkhu womwewu amazindikira kuti chinthu chikabisika sichinathe, n'chifukwa chake mukangotuluka pakhomo amalira, akudziwa kuti mulipo kwinakwake popanda iye. Kutaya supuni pansi kakhumi inu n'kumatola ndi sukulu yomweyo.

Kodi mumadziwa chifukwa chake mwana amene ankamaliza mbale ya phala amayamba kukana akakwanitsa chaka? Kukula kwachepa liwiro. M'chaka choyamba kulemera kwake kumawirikiza katatu, wobadwa ndi makilogalamu 3 n'kufika pa 9 kapena 10. M'chaka chachiwiri amangowonjezera makilogalamu 2 kapena 3. Njala nayo imachepa. Kuwonjezera apo, kuyambira zaka 2 mpaka 6 ana ambiri amakayikira chakudya chilichonse chachilendo. Kafukufuku wobwerezedwa kambirimbiri amasonyeza kuti mwana angafunike kupatsidwa chakudya chatsopano ka 8 mpaka ka 15 asanachilandire, pamene makolo ambiri amagonja kachitatu n'kulengeza kuti "uyu sadya masamba". Kumupana pakati pa miyendo, kumutsina mphuno n'kumuthira phala kukamwa ndi nkhanza yoopsa, chifukwa phalalo limatha kulowa m'mapapo. Woweruza ndi mzere wa m'kabuku ka kusikelo. Ukamakwera, mwanayo akudya zokwanira, ngakhale mbale ikubwerera ndi zotsala.

Koma mbale yodzadza si umboni wa thanzi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 ku Malawi anali opinimbira. Ambiri mwa iwo sagona ndi njala. Vuto ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera, lodzadza mimba koma lopanda kanthu. Phala likhale lolimbako, losayenderera pasupuni, la mgaiwa, lothira nsinjiro, usipa wosinja, dzira kapena masamba.

Nsinjiro ili ndi mwayi winanso. Madokotala a ku London anadabwa kuona kuti ana achiyuda a ku Britain amene thupi lawo limadana ndi mtedza anali ochuluka kakhumi kuposa a ku Israel, kumene makanda amadya msanga chakudya cha mtedza chotchedwa Bamba. Gideon Lack ndi anzake anayesa ana 640 amene anali pachiopsezo, ndipo mu 2015 anapeza kuti kuwapatsa mtedza adakali makanda kunachepetsa vutoli ndi pafupifupi 80 peresenti. Mtedzawo ukhale wosinja ndi wopanda chuku. Wathunthu umatsamwitsa, musampatse mwana wosakwana zaka 5.

Uchi ayi mpaka atakwanitsa chaka, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato. Tiyi nayenso amatchinga thupi kutenga ayironi m'chakudya, ndipo mwana wa tiyi ndi mkate m'mawa uliwonse sachedwa kuchepa magazi.

Kodi mumadziwa kuti kudzigwetsa pansi pamsika kuli ndi ziwerengero zake? Michael Potegal ndi Richard Davidson a ku America anapeza mu 2003 kuti ana 87 mwa 100 a miyezi 18 mpaka 24 amachita zimenezi, a miyezi 30 mpaka 36 amafika 91 mwa 100, ndipo pofika zaka 4 chiwerengero chimatsikira pa 59. Nthawi zambiri sizipitirira mphindi 5, ngakhale kwa mayi amene anthu a m'minibasi akumuyang'ana zimaoneka ngati tsiku lonse. Mwana wa zaka 2 amadziwa chimene akufuna, mawu oti anenere alibe, ndipo mbali ya ubongo yodziletsa imakhwima mochedwa kwambiri. Njala ndi tulo ndiwo nkhuni zake. Kumukalipira pamene wayamba kumangotalikitsa nkhani, ndipo kumugulira switi imene amalirirayo ndi kumuphunzitsa kuti mawa adzayambirenso. Ana ena, pafupifupi 5 mwa 100, amalira mpaka kubanika, milomo kuda, mwina n'kukomoka kwa masekondi angapo. Zimaopsa koma amatsitsimuka okha. Kawayezetseni magazi, chifukwa nthawi zambiri zimayenda limodzi ndi kuchepa kwa ayironi.

Kodi mumadziwa kuti wina anakhala pansi n'kuwerenga mafunso a ana? Michelle Chouinard mu 2007 anasanthula zokambirana za ana 4 ndi owalera, maola oposa 200, n'kupeza mafunso 24,741. Pa ola limodzi ndiye kuti mafunso 107. Ambiri mwa iwo sanali ofuna chilolezo kapena kungofuna kuonedwa, anali ofuna kudziwa. Akapanda kuyankhidwa, ana ankabwereza funso lomwelo. Amene timawauza kuti "usandisokose" ndi omwewo timadzawadandaula kuti sakweza mkono m'kalasi.

Kodi mumadziwa kuti bodza loyamba ndi chizindikiro chakuti nzeru zikukula? Kang Lee wa ku Toronto amaika chidole kumbuyo kwa mwana, kumuuza kuti asacheuke, n'kutuluka m'chipinda kamera ikujambula. Ambiri amacheuka. Akafunsidwa, a zaka 2 amene amakana ndi pafupifupi 30 mwa 100, a zaka 3 theka, a zaka 4 oposa 80 mwa 100. Kuti mwana aname ayenera kuzindikira kuti zimene iye akudziwa inu simukuzidziwa, ndipo limenelo ndi phunziro lalikulu. Shuga ali mbuu pamilomo, iye n'kumati "sindinadye", akuyeserera luso latsopano, ngakhale kuti ayenera kuwongoleredwa.

Funso ndi lakuti timuwongole bwanji. Lee yemweyo ndi Victoria Talwar anachita mayeso achidolewa m'masukulu awiri a dziko lina la kumadzulo kwa Africa, ina yokwapula ana pa zolakwa zazing'ono, ina yongodzudzula ndi mawu. Zotsatira za 2011 zinali zakuti ana a zaka 3 ndi 4 a kusukulu yokwapula ankanama kwambiri kuposa anzawo, ndiponso ankadziwa kuteteza bodza lawo akapanikizidwa ndi mafunso, luso limene limayembekezeka kwa ana okulirapo. Chikwapu sichinawaphunzitse kunena zoona, chinawaphunzitsa kusagwidwa. Mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaphatikiza kafukufuku wokhudza ana oposa 160,000, ndipo sanapeze phindu la kumenya pa khalidwe la mwana, koma ndewu ndi kusamvera kochuluka. Sweden inaletsa kumenya ana ngakhale pakhomo mu 1979, khoti lalikulu la South Africa linagamula chimodzimodzi mu 2019, ndipo Zambia inaika zimenezi m'lamulo lake la ana mu 2022. Ambirife timati "ife tinakwapulidwa ndipo tinakula bwino". Mwina n'zoona. Komanso tikumbukire mmene tinkakonzera nkhani panjira tisanafike pakhomo.

Kodi mumadziwa kuti kukodza pogona kumayenda m'magazi? Ana pafupifupi 15 mwa 100 a zaka 5 amakodzabe pogona, anyamata kuposa atsikana, ndipo chaka chilichonse ena amasiya okha popanda mankhwala. Ngati kholo limodzi linkatero, mwayi woti mwana atero ndi pafupifupi 4 mwa 10. Ngati onse awiri, pafupifupi 3 mwa 4. Si ulesi. Thupi la mwanayo limapanga mkodzo wambiri usiku, chikhodzodzo n'chaching'ono, ndipo tulo take n'tolemera moti uthenga wodzuka sufika. Kumusenzetsa mphasa anzake akumuseka sikuumitsa mphasa ya mawa. Bambo amene akufuna kuvula lamba ayambe afunsa amayi awo kuti iwo anasiya ali ndi zaka zingati. Koma mwana amene anali atasiya kwa miyezi yambiri n'kuyambiranso, ameneyo akaonedwe ndi dokotala.

Palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi chimodzi mwa ziphe zimene ana aang'ono amamwa kawirikawiri kum'mwera kwa Africa kuno. Akamwa, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Ngozi ya palafini ili m'mapapo, ndipo kusanza ndiko kumamulowetsa kumeneko. Ndowa ya madzi nayo: mwana wongoyamba kuyenda ndi wolemera kumutu, akasuzumira n'kugweramo satha kudzitulutsa, ndipo samveka kukuwa. Madzi ochepa a m'beseni lochapira ndi okwanira kumumiza. Akapsa ndi phala kapena madzi otentha, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi mafuta zisafike pabalapo.

Kodi mumadziwa kuti kusewera ndi mwana kunakweza malipiro a anthu ku Jamaica? Mu 1986 ndi 1987 Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatenga ana opinimbira 129 a miyezi 9 mpaka 24 m'madera osauka a mzinda wa Kingston. Ena ankalandira mkaka wowonjezera. Ena ankayenderedwa ndi mlangizi wa zaumoyo ola limodzi pasabata kwa zaka 2, n'kumaonetsa mayi mmene angasewerere ndi mwana, kumuyankhula, kumutchulira mayina a zinthu ndi kumuyamikira, pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha ndi mabotolo ndi nsanza. Patapita zaka 20, ana oseweredwa nawo aja ankalandira ndalama zoposa anzawo ndi 25 peresenti. Phindu la mkaka wokha silinaonekenso pa nthawiyo. Foni sigwira ntchito imeneyi, chifukwa siyankha mwana akaloza kapena akabwebweta. Uphungu wa WHO wa 2019 ndi wakuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pafoni kapena pa TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Tonse tikudziwa kuti tsiku lina nsima ikupserera foniyo imapulumutsa, koma isasanduke mlezi.

Kodi mumadziwa kuti tulo ta makolo sitibwerera msanga? Kafukufuku wa makolo 4,659 ku Germany, wotuluka mu 2019, anapeza kuti m'miyezi itatu yoyamba mayi amataya pafupifupi ola lathunthu usiku uliwonse, bambo mphindi 13 zokha, ndipo kwa onse awiri tulo timakhala tisanabwerere mwakale ngakhale mwana woyamba atafika zaka 4 mpaka 6. Mphindi 13 zimenezo abambo aziganizire bwino. Thupi lawo silinawakanize kulera. Ku Cebu m'dziko la Philippines, Lee Gettler anatsatira anyamata 624 n'kupeza mu 2011 kuti amene anakhala abambo homoni yawo ya testosterone inatsika, ndipo inatsika kwambiri mwa amene ankasamalira ana maola 3 kapena kuposa patsiku. Pakati pa anthu a mtundu wa Aka a m'nkhalango za Central African Republic, Barry Hewlett anapeza kuti bambo amakhala atanyamula khanda kapena ali pafupi polifikira ndi dzanja pafupifupi theka la tsiku. Ku Malawi lamulo la ntchito limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, ndipo kuyambira 2021 limapatsanso bambo masabata 2, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Tchuthi chimenecho n'cha matewera, si cha bawo.

Mayi kulira popanda chifukwa m'masiku oyamba atachira n'kofala, ndipo kumatha pasanathe masabata 2. Kukapitirira, iye osagona ngakhale mwana wagona, osafuna kudya, osakondwa ndi mwana, kapena kumaganiza zodzivulaza, amenewo ndi matenda, si ulesi kapena kusayamika. WHO imati m'mayiko osauka amagwira mayi mmodzi mwa 5 alionse amene angobereka kumene, ndipo amachizika. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ntchito yotchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku wa 2016 anatsimikiza kuti odwalawo ankapezadi bwino.

Kodi mumadziwa kuti anthu ambiri sakumbukira chilichonse chimene chinachitika asanafike zaka 3? Ubongo wa khanda umakhala gawo limodzi mwa magawo 4 a ubongo wa munthu wamkulu, n'kufika pafupifupi 90 peresenti pa zaka 5, koma mbali yosunga nkhani za moyo wake imakhwima mochedwa. Mwana wa zaka 2 akhoza kukumbukira za mwezi watha, kenako zimafufutika akamakula. Ndiye phwando lokumbukira kuti wakwanitsa chaka chimodzi lija, la keke ya nsanjika, matenti, DJ ndi ngongole ya kubanki m'khonde, mwini wake sadzalikumbukira ngakhale pang'ono. Pa zithunzi zambiri za tsikulo amaoneka akulira kapena atagona.